Mashokapu a ku Welshpool pa Msewu wa ku Ntchisi

Tsiku limene ndinatsimikiza zopita ku Australia, bambo anga ndinawapeza ali pansi pa minibasi pagalaja pawo ku Biwi. Ndinawauza ndili chiimire kuti chipatala china ku Perth chikufuna manesi, ndipo anditenga. Dzanja lagirisi linatulukira pansipo.

"Tandipatsa fotini."

Ndinawapatsa sipanalayo osayang'ana n'komwe nambala, poti ndinakulira pomwepo. Achimwene anga a Lameki ankanyansidwa ndi girisi, ndiye ntchito ya bambo inagwera ine mwana wamkazi. Atamaliza kumanga nati yawo ndi pamene anati, "Pita, Tiya. Galimoto yongoimika pabwalo imachita dzimbiri." Mayi ndi amene analira zokwanira anthu awiri.

Ndinafika ku Perth ndalama za migodi zitayamba kuuma. Amene ndinawapeza kumeneko ankandiuza kuti ndachedwa, ndikanabwera kale ndikanaona anyamata akugula maboti ngati mandasi. Ine ndinapeza anthu akugulitsa zomwe anagulazo. Ndinkagona ku Ellenbrook, m'chipinda chakumbuyo kwa banja lina la kwathu, ntchito ku Joondalup. Sitima inali isanafike ku Ellenbrook, ndipo wopanda galimoto ankangokhala phwii m'nyumba. Ndinagula kagalimoto kakale ka ku Japan, mtundu womwewo wa galimoto ya bambo. Anzanga ndinawanamiza kuti ndakasankha chifukwa chotchipa, koma zoona zake ndinkafuna chiwongolero chimene manja anga ankachidziwa.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi osaphonya, yankho n'kumabwera lomwelomwelo: "Talandira, kuno tili bwino." Kusungulumwa kwa ku Perth kulibe phokoso. Misewu ndi yoyera, nyumba zofanana, ndipo woyandikana naye amangokukwezera dzanja uku chitseko cha galaja yake chikutsekeka chokha. Ana a m'nyumba ija ndikawalankhula Chichewa ankandiyankha Chingerezi cha m'mphuno. Mayi atamwalira sindinathe kufika pa nthawi yake, maliro ndinaonera pafoni. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Amene ananditola anali Ba Mwanza, bambo wa ku Zambia amene ntchito yake inatha kumigodi n'kutsegula kagalaja ku Welshpool, dera lina la ku Perth komweko. Ndinapita kuti andionere chimene chinkagogoda kutsogolo kwa kagalimoto kanga. Anatsamira pa boneti n'kusiya, galimoto n'kudumpha katatu yokha.

"Iwe sisi, iyi motoka siyenda, ivina chabe. Mashoko yonse yanafa kudala."

Nditati mashokapuwo, zitsulo zoletsa galimoto kudumphadumpha, ndikhoza kusintha ndekha akangondibwereka jeke, anaseka, mpaka ataona mmene ndagwirira sipanala. Kuyambira pamenepo masiku anga opuma ankathera kumeneko. Tinayamba ndi mabushi, timphira timene timagwira zitsulo zapansi, onse anali atang'ambika. Kenako tinaika mashokapu obwera ndi masipuling'i ake, otheka kukweza, kutsitsa ndi kulimbitsa mmene ukufunira. Galimoto tinaitsitsa ndi zala ziwiri, n'kuwonjezera chitsulo chopingasa chokulirapo kuti isamapendekeke pokhota. Ine ndinkafuna kulimbitsa mpaka mapeto, Ba Mwanza n'kumandigwira dzanja.

"Iyi ndiye yopita nayo kunchito futi. Osaipanga thabwa."

Kumpoto kwa Joondalup kuli bwalo la mipikisano ya galimoto, ndipo masiku ena amalola anthu wamba kuthamangapo. Ndinkapita mwa apo ndi apo. Tangoganizani, nesi wa ku Biwi, chisoti kumutu, kulowa pakona matayala akulira, galimoto itakakamira phula ngati nkhupakupa. Sindinapitirirepo munthu aliyense, koma kumeneko kokha ndi kumene mutu wanga unkasiya kuganiza za maliro. Mavidiyo ndinkatumizira bambo, iwo n'kuyankha ndi mawu ojambula: "Pakona yachitatu ija kumbuyo kukuthawa, fewetsa pang'ono." Ndikafewetsa, zinkathekadi. Panopa ndikamamvetseranso mauthenga amenewo ndimamva mpweya wawo ukudukaduka, koma nthawi imeneyo ndinkangomva za kona yachitatu.

Chaka chatha abale anamanga chiliza cha mayi kumudzi kwawo ku Ntchisi. Ine ntchito yanga inali imodzi yokha: kuwatenga bambo ku Lilongwe n'kukawafikitsa pamanda a mkazi wawo, poti nsalu yophimba chilizacho ankayenera kuchotsa ndi iwo. Mphatso yawo ndinali nditatumiziratu pa sitima yapamadzi, mashokapu anayi ofanana ndi anga.

Nditafika ku Biwi ndinawapeza ataonda, akuyendera ndodo. Nditafunsa anangoti, "Ukalamba, msana wa makaniko." Ine nesi wathunthu ndinavomera, chifukwa ndinkafuna kuvomera. Maso anga anathamangira pa galimoto yawo. Inali m'mwamba ngati yavala nsapato za gogoda, masipuling'i ofewa, pakati pake atapanikizamo zidutswa za tayala, mpweya m'matayala wochepa. Nditaikankha inanjanja ngati matiresi.

"Bambo, makaniko wa Biwi yense, mukuyendera chimenechi?"

A Lameki anatsegula pakamwa, bambo n'kuwadula ndi diso.

"Manga mashokapu ako aja, tione," anatero bambo.

Ndinamanga tsiku lonse, iwo ali pampando pambali panga, chimwemwe chili m'tsaya. Aliyense wodutsa ankamuitana kuti adzaone. Kutsitsa sindinatsitse kwambiri, misala yanga sinafike pamenepo, koma kulimba ndinasiya kwa ku Perth komwe kuja.

M'mawa wa mwambowo tinanyamuka atatu. Pa phula galimoto inayenda ngati yatsopano, bambo n'kumagwedeza mutu moyamikira pakona iliyonse. Titangosiya phula n'kulowa msewu wafumbi, kamwala kalikonse kanayamba kufika m'mipando. Ndinacheukira kumanzere. Bambo anali atagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu, mlomo ataluma.

"Imika," anatero a Lameki kumbuyo. "Tiya, imika!"

Tinawagoneka pachitenje pansi pa mtengo wa msuku. Pamenepo ndi pamene a Lameki anandikokera pambali n'kundiuza. Bambo anawapeza ndi khansa kalekale, ndipo inali itafika m'mafupa a msana. Masipuling'i ofewa aja, zidutswa za tayala zija, mpweya wochepa uja, zonse anakonza okha kuti azitha kupirira ulendo wa kuchipatala. Anaopseza aliyense kuti asayerekeze kundiuza. Kumudzi kunatsala mtunda wa ola lathunthu, ndipo m'galimoto mmene ndinaimangira sakanatha ngakhale mphindi zisanu.

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

A Lameki anatsegula buti. Pansi pa matumba a mpunga ndi shuga panali mashokapu akale onse anayi ndi masipuling'i ake, jeke, ndi bokosi la masipanala.

"Bambo anandiuza dzulo kuti ndilongedze," anatero.

Ndinamanga chitenje pamwamba pa diresi langa latsopano n'kugwada m'fumbi. Ndinamasula gudumu loyamba misozi ikugwera pamanati. Pofika lachitatu mkwiyo unali utandikwera.

"Bambo, ine ndine nesi. Makolo a eni ake ndimawasamala tsiku ndi tsiku. Bwanji osandiuza?"

Anatembenuza mutu pang'onopang'ono pachitenje paja.

"Manesi ndili nawo ambiri kuchipatala, mwana wanga. Ndikanakuuza ukanabwera ndi mankhwala, n'kumandiyang'ana ngati wodwala. Ine ndimafuna ndikuone ukumanga galimoto yanga, kamodzi kokha. Ndaona. Wamanga bwino."

Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndine amene ndikusamala a kwathu, poti ndalama zinkachokera kwa ine. Osadziwa kuti iwo ndi amene ankandisamala, n'kumameza ululu wawo kuti ine ndikhale kutali mtima uli m'malo.

Ndinabwezeretsa mashokapu akale aja, kenako zidutswa za tayala zija chimodzichimodzi, bambo akundiuza pamene chilichonse chimakhala. Mtunda wotsalawo ndinauyenda pa giya yachiwiri, ndikuzungulira dzenje lililonse, njinga zikutipitirira. Tinafika dzuwa litapendeka. Ndinkaopa kuti tipeza mwambo utatha, koma anthu anali chikhalire pansi pa mitengo, akwaya atabwereza nyimbo zawo mpaka mawu kusasa, chiliza chili chiphimbire. Palibe anadandaula, palibe anafunsa chimene chinatichedwetsa.

Bambo anatsika okha m'galimoto. Anatsamira paphewa langa, tinayenda pang'onopang'ono mpaka pamanda a mayi, ndipo nsalu ija anaichotsa ndi dzanja lawo.