Misomali ya mu Kotapela wa Atate

Ndikatsinzina ndimaionabe misomali ija, mitu yake yadzimbiri itamira m'khungwa la mtengo wa kotapela, mapeyala aja, umene unali kuseri kwa nyumba yathu ku Chowa. Atate anaupeza uli waukulu kale pamene anachoka ku Chipata kudzayamba ntchito kumgodi wa Kabwe, ndipo chaka chilichonse maluwa akangotuluka, ankabwera ndi msomali umodzi m'thumba la ovolosi n'kuukhoma pathunthu. Ankati mtengo ukamva chitsulo suyoyola maluwa. Amayi ankati zimenezo n'zachikunja, zosayenera mkulu wa mpingo, komatu kotapela wake ankadya, ndi kamchere komwe. Ife ana tinkakwirira zipatso m'thumba la ufa kuti zipse msanga, n'kumakanirana kuti watsina ndani.

Mgodi utatsekedwa, anzawo a atate anayamba kupita kuchimulu chakuda cha zotsalira za mgodi kukafukula zitsulo zogulitsa, n'kumabwerako ali bii, akutsokomola. Atate anakanitsitsa. "Ine siningayende ku ma sikilapu, nikali na mtengo wanga," ankatero. Ndipo zoona, chaka choyamba beseni la kotapela limene amayi ankasenza kupita nalo kusiteshoni ya sitima ndi limene linkatigulira ufa.

Chaka chotsatira mtengo unadwala. Nthambi zinayamba kuuma kuchokera kunsonga, pathunthu pankatuluka zoyera ngati mchere, ndipo maluwa ndinkawasesa m'mawa uliwonse mpaka kudzaza chihengo chopetera. Atate, amene tsopano analibe kolawirira, anatenga hamala. Poyamba unali msomali umodzi pa sabata, kenaka tsiku ndi tsiku. Anazula ya pakhola la nkhuku, anazula ya pabenchi, mpaka mkulu wanga Tisa anati tikuweta nungu. Tinaseka, koma amayi sanaseke nafe.

Loweruka lina amayi akuchapa, ine ndinali nditawagwirira atate chitini cha misomali. Anamenya kamodzi kokha, msomali n'kuzimirira, hamala nayo n'kulowa m'thunthu mpaka m'chigwiriro. Pabowopo panakhuthuka fumbi lakuda losakanikirana ndi chiswe, lonunkha ngati thumba lovundira pamvula. Atate anapisamo dzanja, mkono wonse unalowa osagunda kanthu. Chitini chinandipulumuka. Mtengo umene tinkakwera tonse asanu, umene tinkamangapo katungwe, unali khungwa lokhalokha! Ndinkamva akulu akunena za chikomekome cha mkuyu, koma sindinkadziwa kuti zingachitike pakhomo pathu pomwe. Amayi anafika thovu lili m'manja, n'kusuzumira, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Atate ake Tisa, lekani. Unafa kudala uwu, kalekale." Ndinachita mantha poona nkhope ya atate.

Ocheka mitengo anakana kuugwira, ati misomali iwathyolera mano a sowo. Atate anaugwetsa okha ndi nkhwangwa, masiku atatu, nkhwangwa ikuthetheka moto ikagunda chitsulo. Utagwa ndi pamene ndinaona zenizeni: kuchokera pakhomo la khitchini, chimulu chakuda chija chinkaoneka chonse, pafupi kwambiri. Zaka zonsezo mtengo unkatibisira.

Nkhuni zake tinaphikira dzinja lonse mpaka m'chisanu, ndipo ndikamaola phulusa atate ankandiuza kuti ndizitola misomali. Inadzaza zitini ziwiri. M'mawa wina anavala ovolosi yawo yochapa bwino, anakhuthulira misomaliyo m'thumba kuti lisapite lopanda kanthu, n'kutulukira kuseri, kudutsa pachitsa osachiyang'ana.

Lero ndili ndi kotapela wanga ku Natuseko, ndipo aneba akandilangiza za msomali ndimangomwetulira. Sindiwatsutsa. Ndikudziwa kuti atate sankakhomera maluwa ayi. Ankakhomera kuti asapite kuchimulu, ndipo anapitako zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka chifuwa chinawagoneka.