Kumvetsera Nyenyezi

Anthu akamva kuti ndimaphunzitsa za nyenyezi ku yunivesite, amayesa kuti ine ndi ophunzira anga timangokhalira kuyang'ana kumwamba. Ayi ndithu. Ntchito yathu ndi ya masana, m'chipinda chotentha chodzaza makompyuta. Kumayiko akutali kuli makina akuluakulu oyeza kuwala kwa nyenyezi, ndipo zimene ayezazo amaziika pa intaneti kuti aliyense atenge. Zimabwera ngati manambala okhaokha, mizere yosatha. Ine ndimaphunzitsa ana a eni kulemba mapulogalamu opeta manambalawo, kutaya mankhusu, kenaka kuwajambula kuti akhale madontho pa sikirini. Ukayang'ana madonthowo umaona kuti nyenyezi iyi imawala n'kuzilala, n'kuwalanso, pamene iyo imangokhala phee mpaka china chake chitadutsa kutsogolo kwake n'kuiphimba pang'ono.

Chaka china m'kalasi mwanga munali mtsikana wochokera kumudzi wina kupitirira Mitundu. Anali wamfupi, wosalankhulalankhula, ndipo ankakhala kwa azakhali ake ku Old Town. Masamu ankawatha. Ndikafunsa funso la pakamwa, iye ankayankha anzake asanatsegule n'komwe makope. Koma ndikangoonetsa chithunzi cha madontho pakhoma, ankakhala duu. Pa kompyuta ankayandikitsa nkhope mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, moti anzake ankamuseka kuti akununkhiza nyenyezi. Nayenso ankaseka nawo.

Tsiku lina ndinkaitana ophunzira mmodzimmodzi kuti abwere kutsogolo adzaloze pamene kuwala kwa nyenyezi kwatsika. Itafika nthawi yake anadzuka, naima pafupi ndi khoma, nayang'ana kwa nthawi yaitali. Kenaka analoza pakona pomwe panalibe dontho ngakhale limodzi. Ena anaseka poyesa kuti akuchita nthabwala. Iye anabwerera pampando wake mwakachetechete, ndipo sabata yotsatira sanabwere.

M'kalasi momwemo munali bambo wina wachikulire wa ku Rumphi, wogwira ntchito m'boma ku City Centre, amene anabwerera kusukulu ana ake atakula kale. Anzake onse ankamutchula kuti Adada. Lamulungu ankaimbitsa kwaya kutchalitchi kwawo. Iyeyu ndiye anatsalira ena atatuluka.

“Madamu, mwana uja si ulesi ayi,” anatero. “Saona bwino. Ndimakhala kumbuyo kwake, ndiye ndimaona. Amajambula bolodi ndi foni, kenaka n'kumakulitsa chithunzicho chilembo chimodzichimodzi.”

“Wakuuzani yekha?”

“Sanandiuze. Koma ndikudziwa pamene azakhali ake amagulitsa zitenje. Ndikulongosolereni njira.”

Loweruka m'mawa ndinanyamuka kwathu ku Area 14 kupita ku Old Town. Galimoto ndinaisiya kutali chifukwa cha kuchuluka kwa maminibasi ndi akabaza, ndipo ndinayenda wapansi kulowa m'tinjira ta pafupi ndi msika waukulu. Ndinawapeza. Azakhaliwo anali mayi wonenepa, wa mawu aakulu, ndipo mtsikana uja anali kumbuyo kwawo akupinda zitenje. Atamva mawu anga, nsalu inamugwa m'manja.

Anandipatsa kampando. Titapatsana moni, azakhali sanazungulire.

“Mayi, mwachita bwino kubwera. Uyu akuti sukulu basi. Tinapita naye kuchipatala cha maso, anatiuza kuti si matenda a magalasi ayi. Maso ake akutha pang'onopang'ono. Bambo ake, malemu achimwene anga, zinawachitikiranso chimodzimodzi.”

Ndinatembenukira kwa mtsikanayo. “Bwanji sunandiuze?”

“Mukanatani, Madamu?” anayankha. “Sindikufuna kuti anthu azindimvera chisoni. Masamu ndimawamva, mapulogalamu ndimalemba. Koma madontho aja sindiwaona. Ndimangoona utsi. Kulibwino ndibwerere kumudzi ndisanachite manyazi ambiri.”

“Kumudzi ukatani?” azakhali anamudula. “Khasu nalonso limafuna maso. Ukalimira chimanga pamodzi ndi udzu.”

Kunabwera kasitomala wofuna zitenje za chikwati, ndipo azakhali anadzuka kukamuthandiza. Ine ndinatsala pakampando paja ndikuganiza. Ndinali nditamvapo kuti kunja akatswiri ena osaona amasandutsa manambala kukhala mawu, n'kumamvetsera m'malo moyang'ana. Koma sindinali nditayesapo, ndipo sindinkadziwa ngati zingatheke ndi makompyuta athu okalamba.

“Bwera Lolemba,” ndinamuuza. “Pali chimene ndikufuna tiyese. Sindikulonjeza kuti chitheka. Chikakanika, ndidzakuuza chilungamo.”

Anatola chitenje chija n'kuyamba kuchipindanso.

Lolemba anabwera mochedwa, kalasi itatha. Adada anali akadalipo, akulongedza chikwama. Ndinali nditalemba kapulogalamu kachidule: nyenyezi ikawala kwambiri, mawu akwere, ikazilala, mawu atsike. Nditayatsa sipika, chimene chinatuluka chinali ngati nkhululu zambirimbiri zatsekeredwa m'chitini. Mtsikanayo anatseka makutu. Adada anaseka mpaka kugwira tebulo.

“Pepani Madamu,” anatero akupukuta misozi, “koma mawuwa mwawaunjika. Khutu la munthu silingatsate liwiro limeneli. Ndipo mwakwera kwambiri. Kukwaya timayambira pa besi kukathera pa sopulano, kupitirira apo ndi phokoso chabe.”

“Ndiye titani?”

“Muwachedwetse. Aziyenda ngati nyimbo ya pamaliro.”

Mtsikanayo anakoka mpando.

“Ndipatseni ndikonze ineyo,” anatero.

Tinakulitsa zilembo mpaka mzere umodzi kudzaza sikirini yonse, ndipo anayamba kulemba. Kuyambira tsiku limenelo tinkatsalira atatu kalasi ikatha. Adada ankaimba mawu ndi pakamwa kuti timve pamene ayenera kuyambira ndi pamene ayenera kuthera, ine ndinkasankha nyenyezi, mtsikanayo ankalemba. Zinatenga masabata angapo. Masiku ena magetsi ankazima tili pakati, masiku ena mutu unkamuwawa chifukwa chofinya maso, n'kupita kwawo osatsanzika bwino.

Madzulo ena dzuwa lisanalowe, mtsikanayo anavala mahedifoni, ine n'kumuikira nyenyezi imene sindinamuuze mtundu wake. Anamvetsera, mutu utapendekeka. Kenaka anayamba kukweza dzanja ndi kulitsitsa motsatira zimene ankamva.

“Ikukwera msanga,” anatero. “Kutsika ndiye ikutsika pang'onopang'ono. Yakweranso. Madamu, iyi ndi ya mtundu uja munkanena, wofufuma n'kuphwa.”

Ndinayang'ana madontho pa kompyuta yanga. Zinali choncho kumene. Adada anawomba m'manja kamodzi, mwamphamvu. Mtsikanayo anavula mahedifoni, napukuta nkhope ndi chikhatho, nakhala kaye osatiyang'ana.

“Ikani ina,” anatero.

Sikuti zonse zinatheka. Nyenyezi zimene kuwala kwake kumatsika pang'ono kwambiri zinkasowa m'phokoso, ndipo ankazilephera kawirikawiri. Titafika pa gawo lophunzitsa kompyuta kusiyanitsa zithunzi za magulu a nyenyezi, mawu sanathandize konse. Adada ankakhala pambali pake n'kumamufotokozera kuti ili ndi lozungulira ngati nkhata, ili ndi lotalika ngati dzira, koma mtsikanayo mayeso a gawo limenelo anagwa. Anakwiya, nandiuza kuti ndamutayitsa nthawi. Mawa lake anabweranso. Akuluakulu a kusukulu, titakambirana nawo, analola kuti mayeso otsala azilemba pa kompyuta ya zilembo zikuluzikulu, ndipo ena aziyankha pakamwa.

Anzake aja amene ankamuseka anayamba kubwereka mahedifoni. Ena ankangofuna kusewera, koma ena anaona kuti akamvetsera kaye asanayang'ane, madontho aja ankawamvetsa msanga. Nthabwala ya kununkhiza inatha yokha popanda wina kuiletsa.

Kumapeto kwa chaka wophunzira aliyense amaima kutsogolo kufotokoza ntchito yake. Tsiku lake litafika, azakhali anatseka malonda, nabwera atavala chitenje chatsopano ndi duku lofanana nacho, nakhala kumbuyo kwenikweni, chikwama pamiyendo. Mtsikanayo sanaonetse chithunzi chilichonse. Anapempha kalasi yonse kuti itsinzine, nayatsa sipika, n'kumafunsa kuti iyi ndi nyenyezi yanji, nanga iyi. Anafotokozanso poyera pamene njira yakeyo imalephera, osabisa. Ndinasuzumira kumbuyo ndipo ndinaona azakhali nawonso atatsinzina, milomo ikugwedera ngati ali m'pemphero.

Titatuluka panja azakhali anamugwira mwana wa achimwene awo padzanja.

“Iwe, ndiye kuti kumwambako zimalira chonchi?”

“Ayi, azakhali. Nyenyezi sizilira. Mawuwa ndapanga ndine, kuchokera ku manambala.”

Azakhali anaganiza kaye. “Ndiye bwanji sunaike kang'oma? Anthu akanavina.”

Tinaseka tonse, Adada kuposa aliyense. Kenaka mayi aja anatembenukira kwa ine, nandigwira manja onse awiri. Anangoti, “Mayi inu,” n'kundisiya.

Mtsikanayo anakhoza phunziro langa, osati pamwamba kwambiri, pakatikati. Sukulu yonse anamaliza. Za nyenyezi sanapitirize, chifukwa ntchito zake kuno n'zosowa, koma anapeza malo ku ofesi ina ya ku City Centre yosanthula manambala a mvula ndi zokolola. Adada anapuma ntchito n'kubwerera kwawo kumpoto. Maso a mtsikanayo anapitirira kutha monga anali atanenera a kuchipatala.

Ndinakumana naye mwezi wathawu nthawi ya nkhomaliro, pansi pa mitengo ya m'mbali mwa msewu ku City Centre. Anali ndi ndodo yoyera, akuyenda mofulumira kuposa ine. Nditamupatsa moni anaima, namwetulira.

“Madamu! Mukadali ndi chifuwa chanu cha choko chija?”

Anandiuza kuti tsopano kompyuta imamuwerengera zonse m'makutu, koma imamupsetsa mtima chifukwa mayina a maboma athu imawatchula ngati yaluma mbatata yamoto. Mchinji imalephereratu. Akuti iye ndi mnzake wina wa kuntchito ayamba kuiphunzitsa katchulidwe ka Chichewa, ndipo pofika pano yadziwako Dedza ndi Salima.

Tinafika pamphambano pomwe magalimoto sapatsa mpata. Anapinda ndodo yake, nandigwira pachigongono.

“Tiwoloke, Madamu,” anatero. “Tsidya ilo kuli mayi wina amakazinga tchipisi chabwino. Mundiuze za ana a chaka chino.”