Maso a Aneba Anga

Aneba anga kuno ku Ngungu amasamalira makompyuta pakoleji ina m'tauni. Kompyuta iliyonse imafunika adiresi yake pa netiweki, ndipo kale fayilo yogawira maadiresiwo ankailemba pamanja. Tsopano anapanga pulogalamu yowalembera fayiloyo. Mukawayamikira amangoti, "Ni ulesi chabe, ba neba."

Loweruka lapitali anandiitana kuti ndione fayilo yatsopano imene pulogalamuyo inalemba. Anayandikitsa nkhope pasikirini, mphuno kutsala pang'ono kugunda, kenako anandisiyira mpando.

"Nibelengeleniko," anatero motsitsa mawu. "Manambala yanayamba kunithawa m'maso chaka chatha. Ku nchito sibaziba."

Ndinawawerengera mzere ndi mzere, iwo akumvetsera atatsinzina.

"Yonse ili bwino," anatero, osamwetulira. "Kansi pulogalamu izakwanisa olo ine kulibe."