Maulendo Atatu a Tabita ku Tete

Tabita wa ku Mualadzi sankadziwa kuwerenga, koma m'mudzi mwawo panalibe amene anayenda ndi kalata mitunda yaitali ngati iye. Anali mayi wamfupi, woumba miphika, wosachulutsa mawu. Mlongo wake wamkulu, Hezekiya, ndiye ankayang'anira mbumba yonse.

Mu 1952 nkhokwe ya thonje inapsa pamsika. Asipayi, apolisi a Apwitikizi aja, anagwira Hezekiya chifukwa anali atakanapo kulima thonje. Mboni inali imodzi yokha, José, mnansi wawo. Mlandu unatha dzuwa lisanafike pamutu, ndipo Hezekiya anapatsidwa zaka khumi kundende.

Patapita zaka ziwiri José anadwala chifuwa. Anaitanitsa Tabita, nalankhula pamaso pa akulu a mpingo atatu.

"Mayi, ine sindinaone kanthu. Anandimenya m'manja mpaka ndinatchula dzina, ndipo la alongo anu ndilo linabwera pakamwa."

José anamwalira sabata lomwelo. Mphunzitsi Armando analemba mawuwo m'Chipwitikizi, kupempha kuti mlandu uonedwenso, akulu aja nadinda zala zawo. Tabita anakulunga kalatayo pansalu, nayenda pansi masiku asanu, kenako anakwera galimoto yonyamula chimanga, naoloka Zambezi, nafika ku Tete.

Ulendo woyamba, mlembi wa kubwalo la milandu anati abwerenso akakolola. Wachiwiri anati pakusowa chidindo. Miphika imene anasiya asanaotche inang'ambika, ndipo munda unalowa thengo. Mwamuna wake anayamba kudandaula.

"Kodi m'nyumba muno mwakwatiwa ndi ine kapena ndi pepala?"

Tabita anangopaka mafuta m'ming'alu ya kumapazi, nanyamukanso.

Ulendo wachitatu anamulowetsa. Womasulira, bambo wa imvi wochokera ku Nsadzo, anawerenga yankho osamuyang'ana.

"Akuti nthawi yodandaula inadutsa kalekale. Akutinso mawu a munthu wakufa sangawafunse mafunso. Chigamulo chikhala momwemo."

"Nanga akulu atatu amene anamva?"

"Amenewo anangomva, mayi. Sanaone."

"Josénso sanaone."

Bamboyo anapinda pepala pang'onopang'ono. "Zimenezo ndazimva ine. Koma si ine woweruza."

Kundende anamulola kuona mlongo wake pawaya, kanthawi kochepa. Hezekiya anali ataguluka mano akutsogolo. Atamva yankho anangogwedeza mutu, nafunsa ngati mvula inagwa bwino kwawo.

"Usabwerenso, Tabita," anatero. "Ana akufuna amayi awo."

Sanapitenso. Hezekiya anatuluka mu 1959, atamudulira zaka zitatu chifukwa chifuwa chinamulepheretsa kuphwanya miyala. Anakhala kwa mlongo wake, akuluka mphasa pamthunzi. Ana a m'mudzimo, amene anabadwa iye ali kundende, ankamutchula kuti agogo otentha thonje. Masiku oyamba Tabita ankatuluka n'kuwakalipira. Pambuyo pake ankangowamva ali kuseri kwa nyumba, akukanda dongo lake.