Nzimbe ya Mayi a Rute

Lachinayi, 17 Okutobala. Ndili pakhonde, ndikuthowa phewa ndi madzi ofunda. Dzanja latupa, koma ndilemba.

Ntchito imene yandibweretsera zimenezi anandipezera ndi malume, amene amadula nzimbe kuno ku Nchalo. Kapitawo wawo, a Jofesi, amaphunzira za akaunti Loweruka kuti awakweze akalowe mu ofesi, koma homuweki imawavuta. Malume anawauza kuti ine ndimakhoza masamu ku Fomu 4, ndiye ndizikawathandiza. Malipiro anga anali makope ndi sopo.

"Koma asamve munthu," anatero a Jofesi. "Ngakhale mayi akunyumba. Kapitawo kuphunzitsidwa ndi kamwana? Anyamata anga angandiseke."

Choncho ndikaweruka tinkakumana kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mtengo wa nimu. Ndinkalemba mizere ndi lula, debiti kumanzere, kirediti kumanja, n'kuwonkhetsa pa kalikuleta yawo mpaka mbali ziwirizo zifanane. Zikakana, ndinkafufuta ndi labala n'kuyambiranso. Za chuma cha dziko ndinkayamba ndawerenga buku lawo ndekha, ndipo ndinazikonda.

Lero funso linali loti tifotokoze chifukwa chake mitengo ya zinthu imakwera kwacha ikachepa mphamvu. Ndinali nditawerama, ndikujambula galafu, pamene chinthu cholemera chinanditera paphewa. Pensulo inathyoka. Anali mayi a Rute, akazi a a Jofesi, nzimbe yaikulu ili m'manja.

"Ndiwe eti? Sopo wa m'nyumba mwanga akuthera pa iwe!"

Anandimenya pamsana, padzanja, pamsana kachiwiri, mpaka nzimbe inasweka, madzi ake n'kundimata m'khosi. Anandikoka yunifomu, mabatani n'kuthothoka. Kalikuleta anaiponda ndi chidendene. Amayi ochokera kumjigo anaima, zidebe zili pamutu. Anyamata odula nzimbe nawonso anafika, akuda ndi phulusa la kumunda. Wina anakuwa, "Kaphunzitseni mwambo, ana a masiku ano!"

Ndinayang'ana a Jofesi. Akanangonena kuti ndi homuweki, zikanatha. Iwo anayang'ana anyamata awo aja. Kenako anatola buku, n'kulibisa m'malaya.

"Mayi, tiyeni kunyumba," anangotero.

Inenso sindinaulule za homuwekiyo, poti ndinali nditawalonjeza kusunga chinsinsi. Ndinangogwira yunifomu pachifuwa n'kumalira.

Mbiri yoti ndili pachibwenzi ndi a Jofesi inayamba kufika kwathu ine ndisanafike. Amayi sanandikalipire. Anangondifunsa motsitsa, "Esinati, n'zoona?" Funso limenelo lapweteka kuposa nzimbe. Ndawauza zonse.

Ndaona kuti ntchito yobisa imateteza mwini wake yekha, woigwira ayi. Ndikadzapezanso ina, ndidzaigwirira pakhonde, anthu akuona.

Mawa m'mamawa ndipita ndi amayi kwa mayi a Rute, amuna awo asananyamuke kupita kumunda. Ndawapempha amayi kuti asakandiyankhulire. Ndikanena ndekha zimene tinkachita pansi pa nimu paja, a Jofesi ali pomwepo, ndipo ndikakweza mawu mpaka apamjigo amve.