Si Tsempho, Amayi

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mutu wa mng'ono wanga. Nditalephera Folomu 4, ndinkagulitsa mbatata ya kachewere pamsewu waukulu, pamphambano yolowera kwathu ku Bembeke. Tsiku lina mayi wina woyera mbuu anaimika galimoto kuti agule ndowa imodzi, koma maso ake anali pa mizere imene ndinamuluka mwanayo. "Waluka ndani?" Ndinati ndine. "Lolemba ubwere ku boma, ukafunse saluni ya Madamu." Madamuyo anali iye yemwe. Basi, ntchito n'kupezeka.

Saluniyo inali kuseri kwa msika, chipinda chimodzi chachitali chodulidwa pakati ndi katani yobiriwira. Kutsogolo kunali galasi lalikulu, zipeso, mapaketi a mesi, mankhwala owongola tsitsi ndi duraya loumitsira tsitsi lomwe linkagwira ntchito magetsi akafuna. Ndinaphunzira kupaka vaselini pamphumi ndi m'makutu ndisanaike mankhwala, kuti munthu asapse. Ndinaphunzira kutsuka mutu ndi madzi ofunda, chifukwa mu Juni madzi apampopi a ku Dedza angathamangitse kasitomala sopo ali kumutu. Pomanga mesi zala zinkachita dzanzi, koma ndinkasangalala, abale. Ndinali wapantchito ine.

Kuseri kwa katani kunali benchi yoyalidwa pulasitiki, beseni, thonje, spiriti, magolovesi ndi chikwama cha timabotolo tobwera pa basi, tolembedwa chinenero chomwe panalibe wochidziwa. Tina tinali toyeretsa khungu. Tina, tamadzi olemera ngati mafuta ophikira, tinali tokulitsa mahipi ndi matako. Madamu sanali namwino, koma sirinji ankaigwira osanjenjemera. Ine changa chinali kuwiritsa madzi, kupereka thonje ndi kukweza wailesi. "Kuno sitibaya munthu," ankatero Madamu, "kuno timaluka tsitsi. Wamva?"

Chimene chinkandizunguza mutu ndi pakamwa pa azimayi. Akamalukitsa, nkhani inali ya "odzipanga" basi. "Mulungu analakwitsa pati? Uhule chabe!" Lachisanu mayi yemweyo n'kubwera atafunda chitenje kumutu, n'kulowera khomo lakumbuyo. Anyamata a kabaza nawo, akadutsa mkazi wopanda kumbuyo ankati thabwa. Akadutsa wodzaza, malikhweru kaye, kenako, "Zajakisoni izo!" Ndiye munthu achite chiyani?

Teleza anali wa mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo tinkaimba limodzi kwaya kutchalitchi. Anali wamtali, wochepa thupi, wosakonda zokambakamba. Mwamuna wake Filipo anatha zaka ku Joni atamusiya ndi mwana mmodzi wamkazi, ndipo anali atatumiza uthenga kuti akubwera. Koma pafoni ya mnzake Teleza anali ataona chithunzi cha Filipo ataima ndi mkazi wina wakumeneko, wodzaza bwinobwino. Atandipeza musaluni anadzidzimuka, kenako n'kuseka mwamanyazi. "Lusiya, iwe sunandione." Madamu anamugoneka chafufumimba, kujambula timizere ndi bolopeni, kupukuta ndi spiriti, n'kubaya uku ndi uku. Teleza analuma chitenje osatulutsa mawu. Atadzuka anangofunsa kuti, "Kodi zioneka liti?" Pakabaza anakwera atakhala chammbali.

Patapita masabata angapo ndinapita kumudzi kukapemphera Lamulungu. M'kwaya Teleza munalibe. Titatuluka ndinamva azimayi akunong'onezana kuti Teleza watupa, Filipo wamusempha. Kwathu timati mwamuna akayenda ndi mkazi wina n'kudzalowa m'nyumba osakonza mwambo, mkazi wake kapena mwana amadwala tsempho: kutupa, kutentha thupi, kufooka. Ndipo zonse zinagwirizana. Filipo anafika, pasanapite nthawi mkazi n'kutupa. Ankhoswe atamupanikiza, anavomera kuti ku Joni ali ndi wina. Akanafunanso umboni wanji?

Ine ndinakumbukira singano ya Madamu. Kunyumba sindinapiteko n'komwe, ndinalunjika kwa a Nangozo, amayi ake a Teleza.

Filipo anali pansi pa mtengo wa pichesi atazolika, amalume ake a Teleza atamuzungulira. Nditangolowa m'nyumba, fungo linandilandira pakhomo. Teleza anagona chafufumimba pamphasa, milomo itauma, miyendo itatupa mpaka kumapazi. A Nangozo anali pambali ndi kapu ya mankhwala azitsamba, maso atafiira. Atatuluka kukawonjezera makala pambaula, ndinakweza chitenje. Mayo ine! Pamene panadutsa singano panali patada bii, patalimba, pakutuluka mafinya. Ndinaikapo dzanja, n'kulichotsa msanga ndi kutentha kwake.

"Teleza, izi n'zakuchipatala. Lero lomwe."

Anandigwira pamkono ndi mphamvu zomwe sindikudziwa kumene anazitenga. "Usanene, Lusiya. Panopa onse ali mbali yanga. Amayi akundilirira, uja akupepesa. Ukanena, ndikhala ndani m'mudzi muno?"

"Ufa, mnzanga."

"Wofa ndi tsempho amamulira bwino."

Mawu amenewo mpaka lero amandipeza ndikugwira ntchito, manja ali m'mutu mwa munthu. Sanali kubwebweta ndi kutentha thupi, ayi. Anali ataganiza bwinobwino, n'kusankha.

A Nangozo analowa ndi mbaula. Ndinagwada. Teleza anandifinya mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

"Si tsempho, amayi. Ndi jakisoni."

"Jakisoni wa malungo?"

"Ayi, amayi. Wokulitsa matako. Anamubaya kusaluni kumene ndimagwira ntchito. Ndinalipo."

A Nangozo anaika mbaula pansi pang'onopang'ono. Chitseko chinali chotsegula, ndipo panja pomwe pankamveka mawu a amalume panangoti zii. Teleza anandisiya mkono n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Sanalire. Bola akanalira, kapena kunditukwana kumene.

Anamunyamula masana omwewo pa lole yomwe inabwera kudzagula kachewere, atamugoneka pamwamba pa matumba. Kuchipatala anamuchita opaleshoni, n'kuchotsa mnofu wonse womwe unali utawola. Namwino wina anandiuza kuti mafinya anali atayamba kale kulowa m'magazi. Teleza anagona kumeneko miyezi. Madamu atamva mphekesera anatseka saluni n'kuwolokera ku Mozambiki ndi chikwama chake. Lolemba ndinapeza loko pachitseko, ntchito yanga n'kuthera pomwepo.

Koma taonani mmene nkhani inatembenukira. Filipo, yemwe m'mawa anali wolakwa, pofika madzulo anali wolakwiridwa. Ankhoswe anamupepesa, inde, kumupepesa! Za mkazi wa ku Joni uja anangoti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Iye anauza anthu kuti sangakhale ndi mkazi wodzipanga, n'kukwera basi, osabweranso. Teleza anatuluka m'chipatala akutsimphina, mbali imodzi italowa m'kati. Ana panjira anayamba kumuitana kuti Jakisoni. Ndipo amene ankaseka kwambiri pachitsime ndinkawadziwa ine: ena a iwo ndinawapatsirapo thonje ndi manja angawa. Zinkandipsetsa mtima mpaka kulephera kudya, koma ndikanaulula mayina awo ndikanangowonjezera a Teleza ena. Kukwaya anasiya. Pamisa ankakhala kumbuyo kwenikweni, n'kutuluka dalitso lisanathe.

Ndinakumana naye pachigayo chaka chotsatira. Anali ataima pamzere, thupi lonse atalitsamiritsa pa mwendo umodzi. Ndinamupatsa moni. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena motsitsa mawu kuti ena asamve: "Ndinali nditagona pabwino, Lusiya. Iwe unandidzutsira izi." Anasenza thumba lake la chimanga osagayitsa, n'kumapita.

Pano ndili ndi kasaluni kanga ku Lobi, ka tsitsi lokha. Atsikana amene ndimawaphunzitsa ntchito ndimawauza zinthu ziwiri. Choyamba, singano ndi ya kuchipatala, aliyense wobwera ndi kabotolo amuonetse njira. Chachiwiri, m'nyumba muno sitiseka mkazi amene wadzibayitsa, kapena wodzola zoyeretsa, kaya wapsa nkhope motani. Kasitomala akayamba miseche imeneyo ndimamuuza kuti akamalizire kwawo, ngakhale mutu uli theka. Ena amati ndine wamwano. Aziti choncho. Ine ndinaona ndi maso anga kuti jakisoni amawoletsa mnofu, koma chimene chimagoneka mkazi pamphasa kudikira imfa, chipatala chili pafupi, ndi kuseka kwathu.

Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndikananenanso tsiku lija litabwerera. Ndikananena, ndithu, ngakhale ndikudziwa zonse zimene zinatsatira. Teleza ali moyo. Amalima nyemba ndi kabichi kudimba, ndipo mwana wake wamkazi walowa sekondale amayi ake alipo. Ndikapita kumudzi n'kukumana naye panjira, ndimaima n'kumupatsa moni. Mpaka lero sanandiyankhe.