Masipika a Dorika ndi Dzanja la Pakati

Dorika wa kwa Makhuwira amagulitsa nsomba zowamba pamsika wa Mitondo, ndipo amadziwika ndi zinthu ziwiri: mlamba wake sukhala ndi mphutsi, komanso mwiniwakeyo sapirira phokoso. Munthu akaima pafupi ndi benchi lake foni ikuimba, amamuuza kuti akagule kwina. N'chifukwa chake anthu anagwira pakamwa atamva kuti mayi yemweyo wagulitsa mbuzi zake kuti akagule masipika ku Limbe. Ena anati umasiye wamuzunguza mutu.

Anabadwira m'banja la asodzi m'mphepete mwa dambo, nakwatiwa ndi Geresomo, msodzi amene anatchuka ndi ulimba osati ukonde. Kunena zoona, nsomba zinkamuthawa. Koma akakhala pa matabwa a ulimbawo, oyalidwa pamwamba pa zipanda, anthu ankaiwala kuti kunyumba kwake ndiwo ndi zogula. Ulimba amaimba amuna atatu pa chida chimodzi. Wina amagwira mawu aang'ono, wina aakulu, wapakati n'kumaponya timitengo take m'mipata imene awiriwo asiya. Akangochedwa pang'ono kapena kufulumira, nyimbo yonse imasanduka phala. Wapakatiyo anali Geresomo. Mawu aang'ono ankagwira mng'ono wake Feston, aakulu mnzawo Pius.

Dorika sanali wovina. Pa maukwati ankakhala kumbuyo ndi dengu lake, koma dzanja la mwamuna wake ankalizindikira ngakhale ali kuseri kwa nyumba. Linali lopepuka, losathamanga, ndipo linkagwa pamalo pake penipeni.

Geresomo anadwala nthawi yaitali n'kumwalira. Anasiya bwato lodontha, ulimba umene chiswe chinayamba kuuchezera, ndi foni yakale. Mwana wawo Nancy, pofufuza m'fonimo, anapeza nyimbo imodzi yojambulidwa pa ukwati wina. Inali yokhayo, poti ulimba ukalira anthu amavina, saganiza zojambula.

Pa foni nyimboyo inkangomveka ngati zitini zogundana. Dorika ankaika khutu, osapezamo munthu. Nkhope ya mwamuna wake anali nayo pachithunzi, koma dzanja lija linayamba kumuthawa m'mutu, ndipo zimenezi zinkamuopsa kwambiri. Anapita kwa Thom, amene amabwereketsa masipika pa maukwati, zimabokosi zotalika kuposa iye mwini. Thom anatsegula mpaka malata kunjenjemera, agalu a m'mudzi n'kuyamba kuuwa. Oimba atatu aja anasanduka chiphokoso chimodzi chogunda pamtima. Thom anamwetulira monyada, Dorika anathokoza n'kutenga kamemori kake ka m'foni, momwe munali nyimboyo.

Ndiye anakwera njinga yamoto mpaka pa Thabwa, minibasi n'kumukweza mapiri. Ku Limbe analowa sitolo ndi sitolo. Paliponse ogulitsa ankachita chimodzimodzi: kukweza mawu mpaka kumapeto, kenako kumuonetsa timagetsi tothwanima. Mmodzi anamulonjeza kuti akamveka mpaka tsidya la Shire. Dorika anamuyankha kuti tsidya la Shire alibeko m'bale.

Wina anamulozera kwa Antonio, bambo wachikulire wogulitsa zida zoimbira zakunja zogwiritsidwa kale ntchito. Uyu anayamba wamvetsera nkhani yonse asanagwire waya uliwonse.

"Amayi, m'bokosi lililonse muli kasipika ka mawu aang'ono ndi china cha mawu aakulu," anatero Antonio. "Zambiri zimene mwaonazo, aakulu amafika m'khutu mochedwa, ndiye amakwirira mipata. Inu mukufuna zoti mawu onse azifikira limodzi."

Anatsitsa timabokosi tiwiri ta matabwa, topanda magetsi ngakhale maluwa, ndi ampu yake, kamakina kopatsa mawu mphamvu. Mtengo wake unali ndalama zonse za mbuzi zija. Antonio anaika kamemori kaja. Panja oitanira minibasi ankakuwa monga mwa masiku onse, komabe nyimbo itangoyamba Dorika anamva oimba akupatukana, aliyense pamalo pake, mipata ili poyera.

"Zimitsani bambo," anatero. "Zotsalazo ndikamvera kwathu."

Sanafune kulira pamaso pa anthu achilendo. Antonio anamuuza kuti asakatiike pakona, akatikweze kufika pamene pali makutu ake akakhala pansi, ndipo mtunda wochoka pampando kupita ku chilichonse ukakhale wofanana.

Kumudzi anthu anakhumudwa. Mbuzi zonse zija, timabokosi toti mwana anganyamule. Dorika anangolowa nato m'nyumba. Anayeza mtunda ndi chingwe cha ukonde, nalumikiza ku batire ya sola, ndipo Lamulungu masana atabwera kutchalitchi anatseka chitseko n'kukhala pampando.

Pius anamveka bwinobwino, kugunda kwake kwaulesi kuja. Pa mawu aang'ono panali dzanja limene Dorika sanalidziwe. Pakati panali dzanja lolemera, lothamanga pang'ono, lofika mpata usanatseguke bwino. Anabwezanso nyimbo, nabwezanso. Dzanjalo ankalidziwa, koma silinali la Geresomo.

Anapeza Feston pansi pa mtengo akusoka ukonde.

"Mulamu, pa ukwati uja uli m'foni, pakati padakhala ndani?"

Feston sanadzutse mutu. "Ndidakhala ine, mulamu."

"Nanga bambo a Nancy?"

"Zala zidali zitayamba kale kuuma. Adayesa nyimbo yoyamba, kamtengo kadawapulumuka anthu akuona. Adandipatsa malo awo, anga tidapatsa mlendo wina wa ku Nsanje, iwo n'kukhala pambali ndi foni. Chaka chonse chomaliza chidayenda choncho. Adati tisakuuzeni."

"Koma kunyumba ankabwera n'kumati taimba bwino."

"Sadaname mulamu. Ife tinkaimba, iwo nkhabe, sankaimba."

Chaka chimenecho Dorika anali atasiya kupita ku maukwati, poti nsomba ankakagulitsa kutali. Anabwerera kunyumba ali wokwiya. Anakwiyira Feston, anakwiyira womwalirayo, anadzikwiyiranso yekha kuti anagona nyumba imodzi ndi munthu chaka chathunthu osaona kuti manja amuthera. Masipika aja anawafunditsa chitenje, ndipo kumsika makasitomala anaona kuti mayiyo wasiya ngakhale kukangana za mtengo.

Patapita nthawi Nancy anabwera ndi uthenga woti mphunzitsi wina akufuna kuwagula. Dorika anavomera. Koma si munthu wogulitsa chinthu asanachione ngati chili bwino, choncho anachotsa chitenje, napukuta fumbi, n'kutsegula nyimbo ija kuti angomva ngati zonse zikulira.

Tsopano sankafunafuna munthu pakati, ndiye khutu linangoyenda lokha. Pafupi kwambiri, kutsogolo kwa oimba onse, panali kaphokoso kakang'ono kouma. Poyamba anayesa waya walekera. Kenako anazindikira kuti ndi chikhadabo chikugogoda kumbuyo kwa foni. Chinkagwa m'mipata, mopepuka, mosathamanga. Pamene Feston anafulumira, icho chinadikira n'kugwa pamalo pake. Cha kumapeto kwa nyimbo chinaphonya, n'kuima. Panamveka munthu akuusa moyo, pafupi ngati wakhala pampando womwewo. Kenako chala chija chinayambiranso.

Nancy atalowa anapeza mayi ake ali pampando uja, manja ali pamaondo.

"Aphunzitsi aja ndiwauze abwere liti, amayi?"

"Uwauze akagule kwina."

Dorika akugulitsabe mlamba pa Mitondo, ndipo akuthamangitsabe anthu a mafoni. Mbuzi sanagulenso. Oyandikana naye amati masipika odula aja ndi achabe, poti munthu ungadutse pakhomo pake osadziwa kuti mkatimo mukuimba nyimbo. Akaweruka kumsika amasamba, n'kukhala pampando uja, pa mtunda wake woyeza. Feston ndi Pius amawasiya aziimba zawo. Iye amatsata chala chimodzi, ndipo akafika pamene chimaima, nthawi zonse amapezeka wagwira mpweya mpaka chiyambirenso.